Kodi Makina Angayese Nzeru za Wophunzira?

Martin Dougiamas anakulira m'chipululu cha kumadzulo kwa dziko la Australia, kutali ndi sukulu ina iliyonse. Ali mwana ankaphunzira kudzera pa wailesi, mphunzitsi wake akulankhula ali pa mtunda wa makilomita mazanamazana. Atakula, m'chaka cha 2002, anatulutsa pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa Moodle, yoyendetsera maphunziro a pa intaneti. Pulogalamu ina yofanana nayo, Google Classroom, inatuluka m'chaka cha 2014. Pamene mliri wa Covid-19 unachititsa kuti sukulu zitsekedwe m'maiko ambiri m'chaka cha 2020, aphunzitsi ochuluka anathamangira ku mapulogalamu oterewa.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kukamvetsa. Mphunzitsi amaikamo zowerenga ndi mafunso, ndipo wophunzira amalowamo ndi dzina lake pamodzi ndi mawu achinsinsi. Pulogalamuyo imasunga kaundula wa tsiku ndi ola limene wophunzira walowa, tsamba limene watsekula ndiponso ntchito imene watumiza. Mafunso osankha yankho imachonga yokha. Tsono funso lagona apa: kodi kaundula wotereyu ndi umboni wakuti munthu waphunziradi?

Pali ophunzira awiri. Woyamba amatsekula tsamba m'mawa uliwonse n'kulisiya lili chotsekula, iye n'kupita kokacheza. Mayeso akafika, mnzake ndiye amamuyankhira. Wachiwiri ndalama zolipirira intaneti zimamuvuta, motero amalowa kamodzi pa mlungu, n'kukopera zonse m'kope ndi kumaziwerenga usiku mpaka atazimvetsa. M'kaundula, woyambayo aoneka wakhama pamene wachiwiriyo aoneka mlesi. Makina sananame ayi. Alemba zimene aona. Vuto n'lakuti makina amawerengera mapazi a wophunzira, koma sangalowe m'mutu mwake.

Ena anganene kuti kaundulayu ngwothandiza kwambiri, ndipo akunena zoona. Mphunzitsi wa ophunzira mazana awiri sangathe kudziwa yekha amene wasowa kwa milungu iwiri, pamene pulogalamu imamuonetsa m'kanthawi kochepa. Komabe chimene kaundula amapereka ndi poyambira pofunsira, osati chigamulo. Mphunzitsi wanzeru akaona dzina lasowa amayamba wafufuza ngati mwanayo akudwala, kapena magetsi akhala akuzima kwawo, kapenanso phunzirolo lamukanika ndipo akuchita manyazi kufunsa. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphunzitsi amene aweruza mwana pongoyang'ana manambala wataya udindo wake n'kuusenzetsa makina.

Udindo waukulu koposa uli ndi wophunzira mwini. M'kalasi, diso la mphunzitsi limabweza mwana amene maganizo ake ayamba kuyendayenda. Pa intaneti diso limenelo palibe, ndipo chotsala ndi chikumbumtima basi. Wophunzira wonyenga pulogalamu angapate malikisi apamwamba, ngakhalenso satifiketi, koma tsiku lidzafika pamene adzaimirire pafupi ndi bedi la wodwala kapena pa mlatho womangidwa ndi manja ake. Pamenepo sipadzakhala mnzake womuyankhira, ndipo olipira chinyengo chakecho adzakhala anthu osalakwa.

Motero mapulogalamuwa ali ngati khasu: amapepuza ntchito koma sasandutsa mlesi kukhala mlimi. Dougiamas anaphunzira m'chipululu mphunzitsi wake ali kutali. Wophunzira aliyense wa pa intaneti ali m'chipululu chotero, ndipo chomupulumutsa ndi kukhulupirika kwake pamene palibe womuona.