Kope la M'bokosi la ku Joni

Titachotsa fumbi pamaliro a bambo kwathu kuseri kwa phiri la Ntchisi, alongo anga adandipatsa kiyi wa bokosi lachitsulo lija adabwera nalo kuchokera ku Joni. Ndalama munalibe. Munali jekete, Baibulo ndi kope lalikulu lotupa ngati mtanda wa mkate. M'kopemo bambo ankamata chilichonse chimene sanafune kuti chitayike: zithunzi, makalata, timapepala todula mu Moni ndi mu Kuunika, mapepala a ku okushoni osonyeza mmene fodya adayendera chaka ndi chaka. Guluu wao anali nsima.

Mwana wa mlongo wanga, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, adangoti, "Amalume, zimenezi nzachikale. Bweretsani ndijambule pafoni, aliyense alandire pa WhatsApp, kopelo lisatidetsere m'nyumba." Ndidamulola kujambula koma kope ndidakana nalo. Mpaka lero amandiseka, ndiye ndati ndiyese kufotokoza chimene chidandigwira dzanja.

Choyamba ndivomere kuti mnyamatayu ali ndi mfundo. Pepala lili ndi adani: chiswe, makoswe, denga lothonya. Masamba atatu a kumapeto adadyedwa kale, ndipo nkhope ya agogo aakazi idatsala chipumi chokha. Foni imafikitsa chithunzi kwa mbale wa ku Johannesburg madzi a tiyi asanawire. Zoona zimenezo, sindingatsutse.

Koma funso langa ndi ili: kodi kusunga ndi kukumbukira nchimodzimodzi? Mfoni ya mnyamata uja muli zithunzi zosawerengeka, za nsapato, za mbale ya tchipisi, za maliro, zonse mulu umodzi. Sadasankhe chilichonse poti kusunga sikumudyera kanthu. Bambo ankadikira wojambula wapanjinga amene ankabwera mwa apo ndi apo kuchokera ku Mponela, kulipira, nkudikiranso masabata kuti chithunzi chitsukidwe. Kope lidali ndi malire, tsono tsamba lililonse lidali mlandu woti aweruze: ichi chilowe, ichi chikhale. Munthu umamudziwa poona zimene adasankha. Ndikamatsegula kopelo ndimaona maganizo a bambo, ngakhale chidindo cha chala chao chidatsalira pamene nsima idaumira.

Pali tsamba lina limene foni sikadaliona. Pa chaka cha 1974, chimene ndege ya Wenela idagwa ku Francistown ndi anyamata athu obwerera kwao kuchokera ku migodi, bambo adamata chithunzi cha pakalendala, cha nyanja ndi bwato. Ndidadabwa kuti chidali chokhuthala. Nditakanganula pang'ono ndi nsonga ya mpeni, pansi pake ndidapeza nkhope ya bambo aang'ono, amene adatengedwa usiku chifukwa cha mau olankhula pamowa. Inu amene mudakula Dzaleka idakali ndende ya andale, isanasanduke msasa wa othawa kwao mu 1994, mukudziwa kuti masiku amenewo anthu ankatentha zithunzi za mbale wotere poopa kuti nawo angawatengere limodzi. Bambo sadatenthe. Adamubisa mng'ono wao pansi pa nyanja, nkumagona ndi ngoziyo m'nyumba zaka zonse zija mpaka riferendamu ya 1993 itadutsa.

Apa mpamene pagona nkhani yanga. Chikumbukiro chenicheni chimamudyera munthu kanthu, kaya nthawi, kaya ndalama, kaya tulo. Chimene wasunga popanda kuvutikira sudalonjeze kuti udzachisamala. Mnyamata uja adajambula tsambalo bwinobwino, ndipo abale onse adalandira chithunzi cha nyanja ndi bwato. Eti, bambo aang'ono munalibemo!

Palinso za mawa. Foni ili ndi nambala yachinsinsi imene mwini wake amapita nayo kumanda. Ndaonapo amasiye atagwira foni ya malemu, zithunzi za ana zili momwemo, koma poti atsegule palibe. Kope silifunsa nambala, silifuna magetsi kapena mayunitsi. Ngakhale azakhali anga osadziwa kuwerenga amalitsegula pakhonde, adzukulu atawazinga, nkumaloza kuti uyu ndi uje, adakwatira kwa a uje, adafera kwakuti. Foni munthu amayang'ana yekha atawerama. Kope limasonkhanitsa mitu pamodzi. Paja akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Sindikuti titaye mafoni ayi, inenso yanga ndili nayo ndipo zithunzi zija ndidalandira nawo. Koma mwezi wathawu ndidagula kope latsopano pa Dowa boma. Tsamba loyamba ndamatapo bambo aang'ono, poyera, opanda chowaphimba. Lachiwiri ndasiyira mnyamata uja. Ndamuuza kuti pa zithunzi zake zonse zija asankhepo chimodzi chokha, akachitsukitse, abwere adzamate yekha. Padutsa masabata atatu, akuti akadasankhabe.