Wakuba Wabvomera: Kodi Cilango Cicepe?

Tiyerekeze kuti anyamata awiri aba mbuzi ya mai wamasiye ku Angónia. Mlandu wafika pabwalo. Woyamba akana mpaka dzuwa kulowa, ngakhale cikopa capezeka kuseri kwa nyumba yace. Waciwiri aimirira nati: "Ndinaba ndine. Ndidzalima m'munda mwa amai mpaka mtengo wa mbuzi ukwane." Mbuzi ndi imodzi, mlandu ndi umodzi. Kodi cilango cikhalenso cimodzi?

Lamulo la Moçambique limasiyanitsa. Munthu akabvomera yekha osakakamizidwa, kapena akabweza zimene anaononga, woweruza angathe kumcepetsera cilango. Ku England, wobvomera msanga amcotsera mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu: zaka 6 zisanduka zaka 4.

Cifukwa cace ciripo. Wobvomera sacititsa mboni kusiya khasu kuti zikakhale pabwalo. Ndiponso wolakwiridwa amamva coona. Ku Rwanda, Atutsi anaphedwa mwaunyinji mu 1994. Pambuyo pace mabwalo a m'midzi ochedwa gacaca anacepetsa zilango za obvomera. Motero ofedwa ena anadziwa kumene kunatayidwa mitembo ya abale ao, naiika m'manda mwaulemu.

Koma taganizani bwino, anzanga. Akulu amati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Wina alira cifukwa wamva cisoni. Wina alira cifukwa wagwidwa. Misozi ya onse awiri ndi yofanana. Aliponso munthu wamanyazi amene angoti duu, maso pansi, ife nkumati ndi wouma mtima.

Cimene cimandiopsa ine ndi cina. Alipo munthu wosauka amene sanabe kanthu. Sadziwa kuwerenga pepala limene amuika patsogolo. Wina amnong'oneza: "Ingobvomera, utuluka msanga." Iye aopa zaka zambiri m'ndende, nadinda cala. Wakuba weniweni ali pa mowa. Ndipo mnzace amene wakana cifukwa sanalakwedi, akalephera mlandu, alandira cilango cacikulu koposa.

Ine ndikanakhala pampando wa woweruza, sindikanafulumira ndi mnyamata waciwiri uja. Ndikanamfunsa kumene anaphera mbuzi ndi amene anagula nyama, kuti ndidziwe ngati wabvomera zoona. Ndikanafunsanso amai amasiye ngati akumfuna m'munda mwao. Kenaka ndikanadikira mvula yoyamba, ndione ngati afika ndi khasu.