Kodi Wophitsa Madzi Akukayika Mulungu?

Pakati pa anthu opembedza a ku Maniamba, pa msewu uja wochokera ku Lichinga wotsikira ku Metangula, ndiponso m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kufikira ku Cobué, pali mawu amene amamveka pamene azaumoyo afika kudzalangiza za madzi akumwa: akuti makolo athu ankamwa a mumtsinje nakalamba mpaka kuyendera ndodo, ndipo tsiku la munthu likakwana, ngakhale aphitse madzi kasanu, apita ndithu. Mawu amenewa sayenera kusekedwa, pakuti amatuluka m'mitima imene yaika maliro ambiri, niphunzira kuti mpweya wa munthu uli m'dzanja la Chauta. Koma ayenera kuyesedwa mofatsa, chifukwa amene amalipira mtengo wake kawirikawiri si akulu owanenawo, koma makanda amene sanadziwe n'kulankhula komwe.

Pa 14 Seputembala 2022, m'boma lathu lino la Lago, munapezeka wodwala woyamba wa mliri wa kolera umene pambuyo pake unafalikira m'zigawo zambiri za Mozambique, pamene tsidya la nyanja, ku Malawi, nthenda yomweyo inatenga anthu oposa 1,700 m'zaka za 2022 ndi 2023. Munthu sachita kumwa zithaphwi kuti aitenge. Angaitenge pomwa madzi oyera mbee, ozizira bwino, otungidwa m'mamawa pamalo pamene wakhala akutunga chibadwire. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo kachilombo ka kolera, kamene kamachokera m'chimbudzi cha wodwala, sikasintha mtundu wa madzi, kapena fungo lake, kapena kukoma kwake. Ngakhale ku London, m'chaka cha 1854, anthu ankatamanda madzi a pampu ya mu Broad Street kufikira pamene dotolo John Snow, atawerenga nyumba za maliro a kolera imodzi imodzi, anachonderera akuluakulu kuti achotse chogwirira chake.

Tsono ngati imfa ingabisale m'chikho, kodi kuilonda pamenepo ndiko kulanda udindo wa Mwini moyo? Malembo amene amawerengedwa m'matchalitchi athu, kuyambira masiku a mmishonale William Percival Johnson ndi mishoni ya ku Messumba, amayankha mosapsatira. Ana a Israele atafika pa Mara napeza madzi owawa, Mulungu, amene akadatha kuwazunitsa ndi mawu okha, anaonetsa Mose mtengo, ndipo Mose anayenera kuunyamula ndi manja ake n'kuuponyamo. Anthu a ku Yeriko atadandaula kwa Elisa kuti madzi awo ndi oipa, mneneriyo anaitanitsa mbale yatsopano ndi mchere, napita nazo kugwero lenileni la kasupe. Chilamulo cha Mose chinafika polamula ankhondo kukhala ndi malo kunja kwa msasa, ndi chokumbira, kuti akwirire zonyansa zawo. Ndipo Ambuye Yesu, pamene woyesayo anawauza kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi popeza angelo adzawawakha, anakana, naonetsa kuti kudziika dala m'tsoka lopeweka si kukhulupirira Mulungu, koma kumuyesa. Abale athu Achisilamu nawonso, amene ndi ochuluka m'midzi ya Ayao, amasunga chiphunzitso chakuti mwini ngamira ayambe waimanga, ndipo pamenepo atsamire pa Mulungu.

Chotero funso loyenera mwini mbumba si lakuti ateteze madzi kapena ayi, koma lakuti mtengo umene Mulungu wamuonetsa pa Mara wake ndi uti, pakuti madzi sadwala nthenda imodzi. A pamjigo wakuya amatuluka abwino nthawi zambiri, koma amadetsedwa panjira ndi m'nyumba, pamene masamba aikidwa m'ndowa kuti asakhavuke, kapena chikho chimene chinagwa pansi chiviikidwanso mumtsuko. Mankhwala ake ndi chigubu cha kukamwa kochepa, chotsekera, ndi chotungira cha mpini wautali chopachikidwa pakhoma. A pachitsime chosaya ndi a mumtsinje, makamaka m'dzinja pamene mvula ikokolola za kutchire ndi za m'zimbudzi zogumuka, ayenera kuyamba adikha, kenaka asefedwe pa nsalu yoyera yopindidwa kangapo asanathiridwe mankhwala a klorini, chifukwa matope amafooketsa mphamvu yake. Ngakhale a m'mipope ya ku Lichinga, ochokera ku damu la Locumue, akasungidwa masiku m'migolo yosavundikira amasowanso chitetezo.

Taonani mayi amene wadziwa zimenezi. Atula chigubu cha malita 20 pakhonde, atsegula kabotolo ka Certeza, mankhwala a klorini, ayesa mlingo wolembedwapo ndi chotsekera chake, athira, atseka, nakhutchumula; ndipo mwana akabwera akulira ludzu, amuuza kuti adikire theka la ola. Tsiku limene kabotolo katha, ateleka mphika nausiya ubwadamuke mphindi yathunthu, osauphula pongoona nthunzi. Nkhuni zikasowa m'nyengo ya dzuwa, agoneka padenga la malata mabotolo apulasitiki oonekera m'kati, odzaza madzi osadetsedwa ndi matope, kwa maola 6. M'zonsezi sanaleke kupemphera. Pemphero lake langopeza manja.

Sitingabise kuti njirazi zili ndi mtolo wake. Nkhuni zikunka kutali, ndalama ya mankhwala ipikisana ndi ya mchere ndi sopo, ena sakonda kafungo ka klorini, ndipo m'madera ena a dziko lino mphekesera zakuti azaumoyo ndiwo amathira kolera m'zitsime zachititsa kuti anthu osalakwa amenyedwe. Koma mtolo wolemera suchititsa ulendo kukhala wosayenera. Umangoonetsa kuti mutu umodzi susenza denga. Feliciano dos Santos, mwana wa Niassa amene anayambitsa bungwe la Estamos nayenda m'midzi ndi gulu loimba la Massukos kuphunzitsa za zimbudzi ndi kusamba m'manja, analandira mphotho ya Goldman m'chaka cha 2008 chifukwa cha ntchito imene mfumu, shehe ndi mbusa aliyense angathe kuichita pabwalo lake.

Chachikulu koposa ndi ichi: pa mwambo wathu mlendo akafika timamupatsa madzi tisanamufunse za ulendo, ndipo iye amamwa osafunsa kumene tatunga, mwana nayenso amalandira chikho m'manja mwa amake wopanda chikayiko chilichonse. Iwowa ndiwo akumwa mwa chikhulupiriro, ndipo chikhulupiriro chawo chatsamira pa ife. Munthu angathe kunena za moyo wake yekha kuti zili kwa Mulungu. Koma alibe chilolezo chonenera mawu amenewo pa moyo wa wina amene wamudalira, pamene nkhuni, nsalu ndi dzuwa zinali pafupi. Tsiku la munthu alidziwa ndi Mulungu yekha, n'zoonadi. Koma za chikho chimene tinapereka, adzafunsa ife.