Aphungu a pa yunivesite

Mwana wa ku Petauke kapena ku Nyimba akakhoza Giredi 12 n'kupeza malo ku yunivesite ya UNZA, amawoloka mlatho wa Luangwa atanyamula mwambo wa kwathu: pamaso pa akulu umagwada, umamvetsera, suyankha. Inenso ndinakulira m'mwambo womwewu ndipo ndimaulemekeza. Koma m'kalasi ya anthu mazana, mwana wachete amaoneka ngati sadziwa kanthu, ndipo chaka chimatha asanakwezepo dzanja.

Ndani angamuphunzitse kutsutsa mfundo ya mphunzitsi popanda kumuchitira chipongwe? Ine ndimati ndi wophunzira mnzake wa chaka chachitatu kapena chachinayi, makamaka wochokera dera lomwelo. Kuchinamwali namkungwi amapereka malangizo, koma amene amakhala pambali pa namwali usana ndi usiku ndi phungu. Iyeyo anadutsamo kale, ndipo namwali samuopa kumufunsa. Wa chaka chachinayi akukumbukirabe tsiku limene anatsika basi pa siteshoni ya Intercity osadziwa kolowera. Akudziwa kugona awiri pa bedi limodzi chifukwa malo m'mahositelo ndi ochepa, akudziwanso njala ya masiku amene ndalama za ngongole ya boma zachedwa.

Nkhawa yanga ili pa zimene akuluakuluwa amatcha utsogoleri. Yunivesiteyi, imene inatsegulidwa mu 1966, yatulutsa Levy Mwanawasa, Edgar Lungu ndi Hakainde Hichilema, kotero wophunzira watsopano amaganiza kuti kutsogolera n'kuima pa chisankho cha bungwe la ophunzira la UNZASU, kapena kukhala patsogolo anthu akamatseka msewu wa Great East ndi matayala oyaka. Madandaulo a ophunzira amakhala enieni. Ndalama za chakudya zinachotsedwa mu 2019 n'kubwezeretsedwa mu 2023, ndipo mwana wa mlimi wa chimanga ndi mtedza ndiye anavutika kwambiri zaka zimenezo. Komabe sitingaiwale kuti mu Okutobala 2018 mtsikana wa chaka chachinayi anataya moyo pa zipolowe za ndalama zomwezi. Wamkulu amene akuitana ana achilendo kumsewu ayenera kudziwa kuti makolo awo akudikira kumudzi.

Pali utsogoleri wina wosamveka patali, umene ndikufuna aphunguwa aziphunzitsa. Kuyendetsa msonkhano wa anthu khumi mpaka wamanyazi nayenso alankhule. Kulemba kalata ya dandaulo yomveka, n'kupita nayo ku ofesi kawiri, katatu, osatukwana. Kusunga ndalama zimene anzako asonkha pa maliro a mnzanu, n'kuwerengera ngwee iliyonse pamaso pa onse. Chomalizachi ndimachiona chachikulu koposa, pakuti ena mwa ana amenewa adzabwerera kukakhala m'makomiti a CDF, thumba la chitukuko limene mu 2022 linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu wa ku nyumba ya malamulo aliyense.

Zimenezi sizilowa m'mutu ndi msonkhano wa tsiku limodzi m'holo. Wamkulu atenge ang'ono ake atatu kapena anayi, aziwatenga popita kukaonana ndi mphunzitsi, aone mmene akuperekera moni ndi mmene akukanira. Ulendo wachiwiri akhale chete, alankhule wamng'onoyo, ngakhale mawu ake akunjenjemera ndipo Chinsenga chikutulukira m'Chingelezi chake.