Kodi Chikondi cha Munthu Nchake Yekha?

Inu a kumidzi ndi inu a m'tauni, mwezi uno tili ndi mlandu woti tiutule pabwalo panu. Mlanduwo tautola kuno ku Kauma, mudzi waukulu wa mu mzinda wa Lilongwe, kumene anthu a mitundu yambiri amanga nyumba zawo mothinana, pafupi ndi mipanda ya anthu olemera a ku Area 12. Dzuwa likalowa, anyamata ndi atsikana athu asonkhana m'tinyumba toonetseramo mafilimu, ena aunjirira foni imodzi pakhonde, kuti aone sewero lotchedwa Shaka iLembe. Seweroli lidayamba kuonetsedwa ku South Africa pa kanema wa Mzansi Magic m'mwezi wa June 2023. Ochita ake alankhula Chizulu, ndipo mbali ya Nandi, amake a Shaka, aisewera Nomzamo Mbatha. Ena a ife akulu tikumbukiranso lina lakale la 1986, lotchedwa Shaka Zulu, m'mene Henry Cele adali Shaka.

Sitibisa, seweroli nlokoma m'maso. Muli chikondi cha mwana wa mfumu ndi namwali wokongola, muli akazi a mfumu ochitirana nsanje, ndi nduna zopangana chiwembu usiku kuseri kwa khola. Ndipo tsiku lina tidamva mnyamata wina, potuluka koonera, alikuuza anzake kuti chikondi chilibe mlandu, pakuti mtima ukafuna palibe woutsekereza, ndipo za anthu awiri okondana sizikhudza wachitatu. Mawu amenewa ndiwo atilembetsa. Kodi nzoona kuti chikondi cha munthu nchake yekha?

Tiyambe ndi mbiri yeniyeni, pakuti opanga sewero awonjezapo zawo kuti nkhani ikome. Cha m'ma 1787 Senzangakhona, mwana wa Jama, wa fuko la Azulu limene masiku amenewo lidali laling'ono, adakomana ndi Nandi, mwana wa mfumu ya Alangeni, ndipo Nandi adatenga pathupi asanalowane. Amithenga atapita kukanena mlandu, akulu a kwa mwamuna adakana, nati mkaziyo alibe pakati, koma ali ndi kachilombo ka m'mimba kotchedwa ishaka. Ndipo akale a dziko lija asimba kuti dzina la mwanayo lidachokera pa chipongwe chomwecho. Pambuyo pake adamlandira Nandi, koma monga mkazi wopanda ulemu. Posakhalitsa iye ndi mwana wake adachoka, nayendayenda mwa eni ake, kufikira adapeza pokhala kwa Amthethwa, kumene Shaka adakula nakhala msilikali wa mfumu Dingiswayo.

Tsono taonani zimene zidatsatira. Senzangakhona atamwalira cha m'ma 1816, ufumu udagwera mwana wake wina, Sigujana. Koma Sigujana adaphedwa, ndipo Shaka adalowa m'malo mwake mothandizidwa ndi Dingiswayo. Nandi atamwalira m'chaka cha 1827, Shaka adalamula maliro oopsa: anthu adaletsedwa kulima ndi kumwa mkaka, ndipo ambiri adaphedwa pa mlandu wakuti sadalire mokwanira. Mzungu wina wamalonda, Henry Francis Fynn, amene adali komweko, adalemba za anthu zikwizikwi. Odziwa mbiri a masiku ano ayesa kuti adakuza chiwerengero, koma mwazi udakhetsedwa ndithu. M'mwezi wa September 1828 abale ake a bambo mmodzi, Dingane ndi Mhlangana, pamodzi ndi nduna yake Mbopha, adamgwaza Shaka ndi mikondo ku mudzi wake wa Dukuza. Ndipo mbiri ya Azulu iti Mkabayi, mlongo wake wa Senzangakhona, ndiye adali mwini upo. Dingane adaphetsanso Mhlangana, nayenso adathamangitsidwa ndi mbale wake Mpande m'chaka cha 1840, nakafera kothawira. Ana anayi a bambo mmodzi, onse imfa yophedwa.

Kapena wina adzati: Zimenezo nza kutali, zitikhudza bwanji ife? Mbale, funsani agogo anu. Shaka atagonjetsa Zwide, mfumu ya Andwandwe, cha m'ma 1819, magulu a anthu adabalalika kuloza kumpoto. Zwangendaba Jere adaoloka Zambezi ndi anthu ake m'mwezi wa November 1835, tsiku limene kadamsana adaphimba dzuwa. Iye atamwalira ku dziko la Ufipa, a m'nyumba mwake adakanganiranso ufumu, nagawikana: M'mbelwa adakhazikika ku Mzimba, Mpezeni cha ku Chipata, Chiwere ku Dowa, ndipo Amaseko, amene adadzera njira yawo, adakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu. Pamenepo makolo athu Achewa adamanga malinga, ena nasiya minda yawo nakakhala m'mapiri. Amishoni atafika ku Nkhoma m'chaka cha 1896 adapeza anthu a Mazengera ali paphiri chifukwa cha mantha a nkhondo.

Sitinena izi kuti tidzutse chidani pakati pa Achewa ndi Angoni, iyayi. Lero takwatirana, tidya m'mbale imodzi, ndipo tiyandikira pamodzi ku gome la Ambuye. Sitinenanso kuti nkhondo zonse zija zidabadwa ndi mimba imodzi yokanidwa. Padali chilala, padali kulimbirana msipu wa ng'ombe, padali malonda a minyanga ku doko la Delagoa, kumene lero kuli Maputo, padalinso kugwira akapolo. Chimene tinena ndi ichi: zochitika m'nyumba ya mfumu sizithera m'nyumbamo. Njovu zikamenyana, uvutika ndi udzu. Poonera sewero lija, yense adziyesa Shaka kapena Nandi. Palibe adziyesa mayi wopanda dzina wothawa ndi mwana kumbuyo, nkhokwe yake ilikupsa. Koma ambiri a ife ndife adzukulu a mayi ameneyo.

Buku Lopatulika nalo lili ndi mbiri ya bwalo la mfumu, ndipo aliyense aiwerenge yekha mu 2 Samueli, kuyambira mutu 11. Davide adaona Bateseba, mkazi wa mwini, namkhumba, namtenga. Mimba itaoneka, mfumu idayamba ziwembu, kufikira Uriya adanyamula ndi dzanja lake kalata ya imfa yake, ndipo asilikali ena osadziwa kanthu adafa naye pamodzi pansi pa linga. Mwana adamwalira. Amnoni adachimwira Tamara, Abisalomu adapha Amnoni, naukira atate wake, ndipo anthu ochuluka adagwa m'nkhalango ya Efraimu. Wolemba sabisa kuti mkaziyo adali wokongola, koma awerenganso mitembo. Ndipo pabwalo la Davide padali Natani, munthu wosaopa kuloza mfumu chala, ndipo mfumu idamva, nilapa.

Chifukwa chake tiyankha kuti iyayi, chikondi cha munthu si chake yekha. Chiyamba m'mitima ya awiri, inde, ndipo Mulungu ndiye adachilenga, chotero sitichinyoza. Koma wachitatu alipo nthawi zonse: mwana amene adzabadwa, mkazi wa kunyumba amene alikudikira, makolo amene adzanyamula katundu. Chikondi chimene sichifuna kudziwa za wachitatuyo, dzina lake nchilakolako.

Ena adzatitsutsa kuti mtima sulamulika. Tivomera kuti chikhumbo chifika ngati mlendo wosaitanidwa. Koma woyala mphasa ndi kumphikira nsima ndiye mwini nyumba. Davide sadachimwe pamene maso ake adagwera mkazi uja, koma pamene adatuma anthu kukamtenga. Enanso adzati: Kodi si kukanidwa komweko kudamlimbitsa Shaka kuti akhale wamkulu? Tikumbuke Yosefe. Adakwezeka ku Aigupto, koma kukwezeka kwake sikudayeretse abale ake amene adamgulitsa. Momwemo ukulu wa Shaka suchotsa mlandu wa atate wake, ndiponso zowawa za ubwana wake sizichotsa mlandu wake wa iye mwini pa anthu amene adawapha. Yense adzasenza katundu wake.

Tsono tibwerere kwathu. Ku Kauma kulibe mafumu a mikondo, koma bambo aliyense ndiye mfumu m'nyumba yake, ndipo kachilombo kotchedwa ishaka sikadafe. Lero kalankhula mawu ena: Mimbayo si yanga, udayenda ndi ambiri. Tidaona mtsikana wogwira ntchito m'nyumba ya kuseri kwa mpanda atabwerako ndi kachikwama kake ndi pathupi, bwana wake atamchotsa kuti mkazi wake asadziwe. Tidaona mnyamata atasamukira ku Mgona kapena ku Chinsapo usiku, kuti ankhoswe asampeze. Kumudzi, mwa mwambo wa Achewa, mwana ndi wa mbumba ya amake, ndipo wokanidwa ndi bambo adali nawobe atsibweni ake, ndi munda, ndi nkhokwe ya agogo. Koma m'tauni nyumba nja lendi, madzi ngogula, makala ngogula, ndipo mwini mbumba ali kutali. Mwana wokanidwa kuno akanidwa kawiri. Ngakhale lamulo la dziko lathu losamalira ndi kuteteza ana, la chaka cha 2010, likakamiza kholo lililonse kusamala mwana wake, ngakhale makolowo sadakwatirane. Kodi Akhristu tidikire bwalo la milandu kuti litiphunzitse chimene chikumbumtima chidatiuza kale?

Inu abambo ndi anyamata, ngati pali mwana amene mudamkana, pitani ndi ankhoswe anu mukamvomere, musanabwere ndi chopereka chanu ku kachisi. Inu akulu a kwa mwamuna, musakhale ngati akulu a kwa Senzangakhona, obisa mwana wawo ndi kunyoza mwana wa eni. Inu amayi a chigwirizano, musamtsekere kunja mtsikana wolakwa pamene mwamuna wochimwa naye akhala pa mpando wa kutsogolo. Ndipo mwana wobadwayo asamve dzina lachipongwe pakamwa pa Mkhristu, pakuti iye sadachimwe kanthu, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe. Inu akulu a mpingo, funsani mitima yanu ngati mwa inu muli Natani, wokhoza kudzudzula munthu wachuma monga adzudzula wosauka.

Za sewero lija, sitikuletsani kuonera, pakuti nkwabwino kudziwa mbiri ya anthu a Afirika anzathu. Koma likatha, makolo mukhale pansi ndi ana anu, muwafunse kuti: Pa chikondi chimene taona chija, adalipira ndani? Pa chiwembu chija, adalira ndani? Mwana wophunzira kufunsa chotero poonera adzafunsanso chotero tsiku limene mtima wake udzakopeka.

Ambuye atipatse chikondi chosachita manyazi masana, chovomera ana ake pamaso pa anthu ndi pamaso pa Mulungu. Tikupatsani moni nonse, ife abale anu a ku Kauma.