Kodi Lamulo ndi Cilungamo Ncimodzi?

Lamulo ndi cinthu cabwino. Popanda lamulo wamphamvu akadadya za wofooka, ndipo pamudzi sipakadakhala mtendere. Cifukwa cace timaphunzitsa ana athu kumvera. Koma pali funso limene munthu wamkulu ayenera kulilingalira: lamulo likalanda cakudya ca osauka, munthu wolungama acite ciani? Kuti tiyankhe, tiyeni tione moyo wa Alluri Sitarama Raju wa ku India.

Masiku amenewo India anali m'manja mwa Angerezi. M'caka ca 1882 boma lao la ku Madras linaika lamulo la nkhalango. Anthu a kumapiri, monga a mtundu wa Koya, anali kutema thengo ndi kulitentha, nadzala mbeu m'phulusa monga anacitira makolo ao. Lamulo lija linawaletsa, ndipo njala inalowa m'midzi. Pamwamba pa izi anawakakamiza kulambula miseu ndi malipiro ocepa kapena popanda malipiro, monga muja inaliri thangata kwathu kuno.

Raju anabadwa m'caka ca 1897. Iye sanali wa kumapiri ai. Ali mnyamata anasiya zofuna cuma, nasankha moyo wa kupemphera, nakakhala pakati pa anthu obvutika aja. Anawaciza ndi mankhwala a zitsamba. Anawalangiza kuleka kuledzera, ndi kuweruza okha mirandu yao kumudzi. Koma mu August 1922 anatsogolera amuna kukathyola nyumba za polisi ku Chintapalle, Krishnadevipeta ndi Rajavommangi, natenga mfuti. Pocoka anali kusiya kalata yochula zonse anatengazo.

Nkhondo yace inali ya m'thengo: kubisala, kukantha modzidzimutsa, ndi kuzimirira. Inakhala pafupi zaka ziwiri. Boma linaitanitsa asilikari ocokera ku Assam ndi ku Malabar, nililonjeza marupiya 10,000 kwa womgwira. Pa 7 May 1924 anamgwira, nammanga ku mtengo pa Koyyuru, namuombera osamzenga mlandu.

Tsono tiweruze bwanji? Ena ati analakwa, pakuti mfuti siisankha. Anthu anafa mbali zonse ziwiri, ndipo midzi imene inamdyetsa ndi kumbisa inalangidwa koopsa. Njobvu zikamenyana, wobvutika ndi udzu. Mahatma Gandhi yemwe, m'caka ca 1929, anatama kulimba mtima kwa Raju, koma njira ya zida sanaibvomereze. Mau otere si opepuka. Wotola mkondo adziwe kuti ngongole yace adzalipirako ndi akazi ndi ana amene sanafunsidwe.

Komabe ine ndiyesa kuti mlandu waukulu uli pa iwo amene anaika lamulo. Lamulo liyenera ulemu cifukwa limacinjiriza anthu. Likasanduka mpanda wotsekereza munthu kumunda wa makolo ace, dzina lokha ndilo latsala, cilungamo cacokamo. Taonaninso ici: boma limene linamucha Raju woswa lamulo, ndilo linamupha popanda bwalo. Nanga woswa lamulo weniweni anali yani?

Akulu anati mlandu suola. India analandira ufulu m'caka ca 1947. M'caka ca 2006 nyumba ya malamulo ya dzikolo inabvomereza kuti anthu a kunkhalango ali nao ufulu pa nthaka imene akhalapo ciyambire kale. Mu 2022 cigawo cina ca ku Andhra Pradesh, kumapiri komwe kuja, cinapatsidwa dzina la Raju.

Inu owerenga, mverani lamulo, pakuti nthawi zambiri ndilo mthunzi wa wofooka. Koma musaleke kufunsa kuti lamulolo likucinjiriza yani. Ndipo inu amene mwapatsidwa udindo, kumudzi kapena kuboma, mverani dandaulo likali la pakamwa, lisanafike ku mkondo.