Mulungu Anandisungira Malo Pagome Lake

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndabwera ndi ndodo zangazi kudzachitira umboni ubwino wa Mulungu.

Ndinabadwa walungalunga, koma poliyo anandigwira ndisanayambe sukulu, miyendo yonse n'kufooka. Akuluakulu sananame kuti lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. M'mudzi munamveka zambiri: ena ankati ndalodzedwa, ena ankati makolo anga anandikhwimira. Ndinkakwawa popita kulikonse, mawondo n'kuchita zipsera. Koma amayi anga anakana kundibisa m'nyumba. Ankandibereka kumbuyo mpaka kusukulu, kenako n'kupita kumunda.

Thandizo loyamba Mulungu analidzeretsa kwa a MAP, omwe nthawi imeneyo ankatchedwa Malawi Against Polio. Anandiyeza miyendo, nandipatsa zitsulo zoigwiriziza pamodzi ndi ndodo. Kuphunzira kuyenda kunali kowawa. M'khwapa munkatupa, ndipo ndinkagwa pafupipafupi, koma tsiku linafika loti ndinalowa ndekha m'tchalitchi.

Ndinkapemphera ndi misozi kuti miyendoyi ichire. Siinachire, ndipo mtima unkandiwawa. Chinandimasula ndi ulaliki wa pa 2 Samueli 9, nkhani ya Mefiboseti, mwana wa Yonatani. Iyeyu anali wolumala mapazi onse awiri, koma Mfumu Davide anamuitanitsa ku Lodebara, namubwezera minda ya agogo ake Sauli, namupatsa malo pagome lake masiku onse. Mapazi ake anali momwemo pamene ankadya ndi ana a mfumu. Ndinazindikira kuti Mulungu sadikira kuti ndichire kuti andiyese mwana wake.

Kuchokera pamenepo pemphero langa linasintha: ndinapempha kuti adalitse manja anga. Anandiyankha ndi mwayi wokaphunzira zosoka ku Magomero, m'boma la Chiradzulu, pasukulu ya ntchito zamanja ya bungwe la MACOHA. Poti makina opalasa ndi mapazi sindingawathe, ndinazolowera opukusa ndi dzanja. Poyamba anthu ankandibweretsera zigamba zokha, pokayika luso langa. Lero ndimasoka mayunifolomu a ana asukulu, madiresi aukwati ndi zovala za makwaya. Ana anga akuphunzira ndi ndalama za singano, ndipo amayi amene ankandibereka aja ndikuwasamala ndine. Mavuto sanathe, chifukwa kukwera minibasi ndi masitepe a m'maofesi kumandisautsabe, koma sindidzionanso ngati mtolo wa munthu.

Makolo anzanga, ndikupempheni ziwiri. Pamene poliyo anapezekanso mwa mwana ku Lilongwe mu 2022, ndinalira pokumbukira ubwana wanga. Chonde musawamane ana katemera. Ndipo ngati muli ndi mwana waulumali, musamutsekere m'nyumba. Mupititseni kusukulu, mubwere naye kutchalitchi, pakuti nayenso ali ndi ntchito imene Mulungu anamulengera.

Yehova wandichitira zazikulu. Ulemerero ubwerere kwa Iye yekha. Ameni.